Ababa ndi Bishopu wa ku Jeremani

Ababa anagwira ntchito ya udalaivala ku dayosizi ina ya m'chigawo chapakati kuyambira ali mnyamata mpaka tsitsi lawo linayera. Anayendetsa mabishopu awiri, woyamba mzungu, wachiwiri Mmalawi. Atapuma ntchito anabwerera kumudzi kwathu, mbali ya ku Dedza, n'kumalima mbatatesi ndi kabichi. Ine ndine mwana wachitatu, ndipo ndine ndekha amene ndinapita patali ndi sukulu. Ku sekondale kwathu ankaphunzitsa Chilatini. Anzanga ankachithawa, koma ine ndinachikonda popanda chifukwa chomveka, mpaka ndinapitiriza nacho ku yunivesite. Anthu akandifunsa kuti ndidzadya chiyani ndi chilankhulo cha anthu akufa, Ababa ndi amene ankandiyankhira. Ankati iwo anamvapo ansembe akukambirana m'Chilatini kumpando wakumbuyo pofuna kuti dalaivala asamve, choncho chilankhulocho sichinafe ayi.

Ndinabwera ku Toronto kudzaphunzira mbiri yakale ya ku Ulaya pa yunivesite yaikulu ya pakati pa mzinda. Ndinkakhala m'chipinda chapansi m'nyumba ya banja lina, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakwera sitima yapansi kupita ku laibulale. M'chaka changa chachiwiri, aphunzitsi amene ankandiyang'anira, mayi wachikulire wolankhula mofatsa, anandipatsa zithunzi za buku lina lolembedwa pamanja pa zikopa. Linali mbiri ya bishopu wina wa ku Jeremani amene anakhala ndi moyo zaka pafupifupi mazana asanu ndi anayi zapitazo. Analilemba ndi mmonke amene anamudziwa bishopuyo atakalamba. Panalinso makalata a bishopuyo ndi zikalata za minda ndi misika zimene anasainira. Aphunzitsiwo anati palibe amene anazifufuza mokwanira, chifukwa bishopuyo sanali woyera, sanali woipitsitsa, komanso mzinda wake unali waung'ono. Anandifunsa ngati ndingakonde kuti buku langa la digiri likhale la munthu ameneyu. Ndinavomera chifukwa ndinalibe maganizo ena.

Lamulungu lililonse ndinkaimbira foni kumudzi. Ikamakwana eyiti koloko m'mawa kuno, kwathu kumakhala kuli masana, Misa yatha, anthu adya. Netiweki inkagwira bwino kuseri kwa khola la nkhumba, ndiye Ababa ankanyamula kampando kupita nako kumeneko. Amayi ankayamba ndi iwo kulankhula, kundifunsa za kuzizira ndi zakudya, kenako n'kupereka foni.

"Tsopano ukuwerenga chiyani kumeneko?" anandifunsa Ababa tsiku lina.

"Moyo wa bishopu wina, Ababa. Wakalekale, wa ku Jeremani."

Ndinkamva nkhumba zikulira chapatali.

"Ankayenda pa chiyani?"

"Pa hatchi."

"Nanga hatchiyo ankamukonzera ndani?"

Sindinadziwe. Ndinali nditatha miyezi iwiri ndikuwerenga za munthuyo, koma funso limenelo linali lisanandibwerere m'mutu.

"Kafufuze," anatero. "Bishopu sayenda yekha. Ukaona Ambuye afika pa parishi nthawi yake, mkanjo uli mbee, dziwa kuti pali munthu amene analawirira kuyang'ana mafuta ndi matayala."

Kuyambira tsiku limenelo, nkhani ya bishopu inakhala nkhani yathu. Ababa ankamutchula kuti Ambuye ako aja. Anakana kuti ndiwauze mathero ake, ngakhale ine ndinali nditawerenga kale buku lonse mothamanga. Ankafuna tiziyenda naye pang'onopang'ono, monga mmene ndinkamasulira tsamba ndi tsamba.

Ndinayamba ndi ubwana wake. Anali mwana wotsiriza m'banja la anthu olemekezeka kummwera kwa dzikolo. Minda inali ya mkulu wake, ndiye iye anamupereka ku sukulu ya pa tchalitchi chachikulu ali ndi zaka ngati zisanu ndi ziwiri. Ababa anafunsa ngati amayi ake anavomera. Ndinati mmonkeyo sananene, anangotchula kuti anali mayi wopemphera. Ababa anati anthu olemba mabuku amaiwala zinthu zofunika. Kenako anandikumbutsa tsiku limene anandiperekeza ku sekondale pa galimoto ya dayosizi, atachita kupempha kwa bambo mfumu wa pa parishi. Anati pobwerera anaima pa msika wina n'kugula nthochi zimene sanadye. Zimenezi anali asanandiuzepo.

Mnyamatayo atakula anakhala mlembi wa mfumu. Mfumu ya nthawi imeneyo inalibe likulu limodzi. Inkayendayenda chaka chonse ndi gulu lake, kuweruza milandu apa, kudya Pasaka apo, ndipo alembi ake ankayenda nayo, zolembera zili m'matumba. Gawo limeneli Ababa analikonda kwambiri. Ankafuna kudziwa kuti ankayenda mtunda wautali bwanji pa tsiku, ankagona kuti mvula ikawapeza, ndiponso ankawoloka bwanji mitsinje. Zambiri sindinkazidziwa, ndiye mkati mwa sabata ndinkakafufuza m'mabuku ena kuti Lamulungu ndikhale ndi choyankha. Anzanga a m'kalasi ankadabwa kundiona ndikuwerenga za nsapato za mahatchi.

Kenako bishopu wa mzinda wina wa kumpoto, m'mbali mwa mtsinje, anamwalira. Mfumu inaitana mlembi wake uja, n'kumupatsa mphete ndi ndodo ya ubusa.

"Mfumu?" anafunsa Ababa. "Osati Apapa?"

Ndinawafotokozera kuti masiku amenewo bishopu sanali mbusa chabe. Ankalamulira minda, misika ndi asilikali, choncho mfumu inkafuna kuika munthu wake. Ababa anati ndale zija zinayamba kale. Ndinawauzanso kuti ansembe a mumzindawo anali ndi munthu wawo amene ankamufuna, ndiye mlendoyo atafika anapeza chipata chotseka. Anagona kunja kwa linga masiku atatu. Kalankhulidwe kake kanali ka kummwera, ndipo anthu a pamsika ankamuseka.

Apa Ababa anandiuza za bishopu wawo wachiwiri. Iyenso anachokera kudera lina. Tsiku limene anakamutenga kuti adzayambe ntchito, atatsala pang'ono kulowa m'tauni, bishopuyo anawauza kuti aime. Ababa anaimika galimoto pambali pa msewu, pafupi ndi munda wa fodya. Bishopuyo sanatsike, sanapemphere mokweza, anangokhala manja ali pamaondo kwa nthawi yaitali ndithu. Kenako anati, tiyeni. Ababa anati chiyambire tsiku limenelo sanamuopenso munthuyo, ndipo anamutumikira ndi mtima wonse.

Miyezi yotsatira tinali m'zaka zake zabwino. Bishopu wa ku Jeremani uja anagwetsa tchalitchi chamatabwa n'kuyamba kumanga chamiyala. Anamanga mlatho pa mtsinje. Anaitana alimi a kunyanja odziwa kukumba ngalande kuti adzaumitse madambo, ndipo pamene panali bango anayamba kukolola tirigu. Ababa ankavomereza zonsezi ngati munthu woyendera ntchito. Ankafunsa kumene miyala inkachokera ndi amene ankaphikira amisiri.

Koma tinafika pa chaka chimene mfumu inapita kunkhondo ku Italiya, ndipo bishopu anatsogolera asilikali ake kuwoloka mapiri, atavala chovala chachitsulo. Mmonke uja analemba zimenezi monyadira. Ababa sanazilandire.

"Dzanja lomwelo lodalitsa ana pa ulimbitso?"

"Inde, Ababa. Mabishopu ambiri ankatero."

"Ambiri akachita chinthu sindiye kuti chakoma."

Lamulungu lotsatira sanamutchule n'komwe. Anandifunsa za sinowo, anandiuza za mbozi zimene zinagwira kabichi, basi. Ndinatsika masitepe a kuchipinda kwanga ndili wokhumudwa ngati ndakangana ndi munthu. Sabata inayo tinalankhula za ukwati wa msuweni wanga, ndipo nditatsala pang'ono kutsanzika anati, "Paja Ambuye ako aja tinawasiya pati? Anabwerako kunkhondo kuja?"

Munthu wa mahatchi ndinamupeza mwangozi, masana ena a mwezi wa Febuluwale, ndili pa nsanjika yachisanu ya laibulale. Zikalata za nthawi imeneyo zimatha ndi mndandanda wa mboni: ansembe akuluakulu poyamba, kenako eni minda, kenako anthu wamba a m'nyumba ya bishopu. Ambiri amene amawerenga zikalatazi amalekezera pakati. Ine ndinapitiriza mpaka pansi, ndipo ndinaona dzina limodzi lalifupi, pambali pake palembedwa kuti woyang'anira mahatchi. Ndinatsegula chikalata china, dzinalo linalipo. Chinanso cha zaka zambiri pambuyo pake, linaliponso, nthawi zonse lachiwiri kapena lachitatu kuchokera pansi. Linali Lachinayi, ndipo kudikira kuti Lamulungu lifike kunandivuta kwambiri.

Nditawauza, Ababa anaseka mpaka kutsokomola. Ndinawamva akuitana Amayi kukhitchini kuti adzamve. Anandiuza kuti nditchule dzinalo katatu, iwo akuyeserera, koma lilime linkawakanika, ndiye anangomutcha mnzanga uja. Aphunzitsi anga nawonso anakondwa. Anati ndisiye kaye za bishopu yekha, ndilembe za anthu a m'nyumba yake, ophika, osunga nkhokwe ndi a mahatchi. Atandifunsa kuti maganizowo ndinawatenga kuti, ndinawauza zoona. Anati ndiwapatsire moni Ababa, ndipo Ababa moniwo anaulandira mwaulemu wonse, ngati wochokera kwa mnzawo wa pantchito.

M'chaka chachitatu cha nkhani yathu tinalowa m'mavuto. Papa ndi mfumu anakangana pa nkhani yomweyo ya amene ayenera kusankha mabishopu. Bishopu wathu anaima ndi mfumu, popeza ndi imene inamulera, ndipo Papa anamudula mu Mpingo. Anapitiriza kuchita Misa, koma ansembe ena anasiya kudya naye. Patapita zaka, mtima unamutsutsa, ndipo anatuma anthu kukapepesa kwa Papa. Papa anamukhululukira, koma mfumu itamva inapsa mtima, inatumiza asilikali, n'kuika bishopu wina pampando wake. Bishopu wathuyo anathawira ku nyumba ya amonke, kutali kummwera. Anachoka tchalitchi chake chisanafoleredwe.

Makalata ambiri amene alipo anawalemba ali kumeneko. Ndinkayembekezera kuti adzakhala odzaza ndi za Papa ndi mfumu, ndipo ena analidi otero. Koma ambiri anali opita kwa wansembe wina wokalamba amene anatsala mumzinda muja. Ankamufunsa ngati amisiri akupitiriza ntchito, ngati mlatho unapirira madzi osefukira, ngati ngalande zija akuzilambula. Ankafunsa za anthu ndi mayina awo. Ndinkamasulira makalatawa m'nyengo yozizira, kunja kukuda faifi koloko isanakwane, ndipo nthawi zina ndinkalephera kupitiriza. Ndinali nditatha zaka zinayi osapita kwathu.

"Nanga mnzanga uja?" anafunsa Ababa. "Anatsala ndi bishopu watsopanoyo?"

Yankho ndinali nalo kale, chifukwa ndinadziwa kuti afunsa. Dzina lake silipezekanso m'zikalata za mumzindawo. Likupezeka kamodzi kokha, pansi pa chikalata cha ku nyumba ya amonke kuja.

"Anapita naye," ndinatero.

Pamenepo Ababa anandiuza za bishopu wawo woyamba, mzungu uja. Atadwala kwambiri, akuluakulu ake analamula kuti abwerere ku Ulaya. Ababa ndi amene anamuperekeza ku bwalo la ndege. Anamunyamulira chikwama mpaka pamene alonda analola, ndipo pamenepo bishopuyo anawagwira dzanja, n'kuwauza kuti asamalire mabuleki a galimoto ija chifukwa mabulekiwo ankalira. Anamwalira chaka chisanathe. Ababa anati akanawalola, akanakwera naye ndegeyo, ngakhale kukangomutengera madzi osamba.

Chaka chimenecho ndinali nditalonjeza Amayi kuti ndibwera kumudzi sukulu ikatsekera mu Juni. Koma mu Epulo aphunzitsi anga anandiuza kuti pali mwayi woti ndipite ku Jeremani kwa masabata asanu ndi limodzi, kukaona zikalata zenizenizo ndi maso anga. Nthawi inali yomweyo, ndipo sindikanatha kupita konse kuwiri. Amayi atamva anangoti, "Chabwino," ndipo ndinadziwa kuti si chabwino. Ababa anatenga foni.

"Pita," anatero. "Ife tilipo. Ubwera Khirisimasi kapena chaka chamawa. Ukandionere msewu umene ankayenda anthu aja."

Ndiyenera kunena zoona pano. Mawu amenewo ndi amene ndinkafuna kumva. Ndinkalakalaka kupita ku Jeremani, ndipo Ababa atandimasula ndinamva kupepukidwa. Sindinawaumirize kuti aganizenso.

Mzinda wa bishopu ndinaupeza uli waung'ono ndi wabata. Tchalitchi chake chinapsa kangapo n'kumangidwanso, ndipo za nthawi yake kwatsala chipinda chapansi chokha, chozizira, cha zipilala zazifupi. Ku nyumba yosungira zikalata anandikhazika patebulo n'kundibweretsera chikopa chenicheni. Chinali chaching'ono kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo dzina la munthu wa mahatchi linali pamalo pamene chikopacho chinapindika.

Lamulungu ndinaimba foni ndili pa mlatho. Nthawi ya dzinja la kwathu, wotchi ya ku Jeremani imafanana ndi ya ku Malawi. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zinayi, ine ndi Ababa tinali pa ola limodzi, dzuwa lili pamutu tonse. Zimenezi zinawasangalatsa kuposa zonse zimene ndinawauza. Anafunsa kukula kwa mtsinjewo, ngati ukuposa Linthipe nthawi ya mvula. Ndinati ukuposa kwambiri. Sabata yotsatira ndinakwera sitima kupita kumene kunali nyumba ya amonke ija, ulendo wa theka la tsiku. Ndinawafotokozera zitunda, nkhalango ndi mitsinje imene tinadutsa, iwo n'kumawerengera kuti pa hatchi, ndi munthu wokalamba, pangafunike masiku angati. Anati mnzawo uja ayenera kuti anavutika kupeza msipu, ngati anayenda nthawi yozizira.

Nditabwerera ku Toronto ntchito inandichulukira. Ndinkaphunzitsa Chilatini kwa ophunzira a chaka choyamba, ndinkalemba, ndipo makalata a bishopu anali ambiri. Malamulungu ena ndinkadzuka wotopa, ndikumangopereka moni n'kunena kuti nkhani tidzapitiriza sabata yamawa. Ababa sankadandaula. Ankati Ambuye aja akhala kwa amonke zaka zambiri, sabata imodzi siwapweteka. Za Khirisimasi ndinazisunthira ku Juni wotsatira.

Kumayambiriro kwa Disembala, Lachitatu m'mawa, ndili m'basi yoyenda panjanji ya mumsewu kupita kukaphunzitsa, achimwene anga aakulu anandiimbira. Anati Ababa agwa kumunda akubzala chimanga, mbali imodzi ya thupi yafa, ndipo ali ku chipatala cha mishoni. Ndinatsika pa siteji yotsatira n'kuima pakhomo pa sitolo ina yotseka. Achimwene anaika foni pakhutu pa Ababa. Ndinkamva kupuma kwawo kokha. Ndinawapatsa moni, ndinawauza kuti ndikubwera, ndinabwereza mawu omwewo kangapo. Zina zonse zinandithawa m'mutu. Anamwalira Lachisanu.

Amalawi anzathu anasonkhana m'nyumba ya banja lina ku Mississauga, pafupi ndi Toronto, tsiku lotsatira. Anaimba nyimbo za maliro m'chipinda chochezera, nsapato zonyowa ndi sinowo zitaunjikana pakhomo, ana awo akuyendayenda n'kumanong'onezana m'Chingerezi. Mayi wina wa ku Chipata, namwino amene sindinkamudziwa bwino, ndi amene anandilongedzera chikwama ndi kundiperekeza ku bwalo la ndege. Ulendo wochoka kuno ndi wa masiku awiri. Ndinafika kumudzi Ababa ataikidwa dzulo lake.

Ndinakhala kwathu masabata atatu. Amayi sanatchulepo za Juni, ndipo ine sindinayambitse. Tinkakhala pamphasa kulandira anthu odzapepesa. Tsiku lina masana kunabwera bambo wina wokalamba panjinga. Ndinawakumbukira patapita nthawi: anali makaniko wa ku galaja ya dayosizi, amene anagwira ntchito ndi Ababa zaka zambiri, ndipo atapuma anakhazikika mudzi woyandikana ndi wathu. Anapepesa maliro monga mwa mwambo, chipewa chili pabondo. Kenako anakonza kukhosi.

"Mayi, musandione ngati munthu wopanda khalidwe. Ndili ndi funso, koma si la maliro."

"Funsani, bambo."

"Kodi Ambuye a ku Jeremani aja anabwerera kwawo?"

Ndinawayang'ana osamvetsa. Anandifotokozera kuti Lolemba lililonse Ababa ankapita kwawo kukabwereka mpope wothirira mbewu kapena chitsulo china, ngakhale sankachifuna, n'kukhala pansi kuwauza zimene amva Lamulungu. Nthawi zina ankakambanso ku mphakati mapemphero akatha. Anati anthu anagawanika pa nkhani ya nkhondo ija, ndipo amayi ena mpaka pano samukhululukira bishopuyo.

Ndinawauza mathero, pakhonde pomwepo. Mfumu ija inamwalira, ndipo mwana wake atalowa ufumu analola kuti bishopu abwerere. Nthawi imeneyo anali atakalamba kwambiri, maso akuchita khungu, osathanso kukwera hatchi. Amonke anamuletsa, koma iye anakakamira. Anamugoneka m'ngolo, n'kuyamba ulendo sinowo itangosungunuka. Anayenda masabata angapo. Atatsala masiku awiri kuti afike, anadwala m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu, ndipo anamwalira m'nyumba ya wansembe wa pamenepo. Ngoloyo inapitiriza ulendo ndi mtembo. Anthu a mumzinda anatuluka kukaichingamira pa mlatho, ndipo anamuika m'chipinda chapansi cha tchalitchi chija, denga lake litatha kale iye kulibe.

"Nanga wa mahatchi uja?" anafunsa bambowo.

"Satchulidwanso. Mmonkeyo anangolemba kuti antchito ake anabweretsa mtembo."

"Ndiye kuti ngoloyo anayendetsa ndi iyeyo."

"Mapepala sakunena, bambo."

"Sanganene," anatero. Anapukuta m'maso ndi chipewa chija, anathokoza, n'kukankha njinga yawo mpaka kumsewu asanakwere. Nditatembenuka ndinapeza Amayi ataima pakhomo. Anali atamva zonse. Anati masiku onse aja ankanyansidwa ndi mafoni athu aataliatali, chifukwa madzi osamba a Ababa ankazizira iwo ali kuseri kwa khola. Atatero analowa m'nyumba.

Buku la digiri ndinalimaliza patapita zaka ziwiri, mochedwa ndiponso movutika. Ndinkati ndikapeza kanthu katsopano, ndinkayamba kukakonza m'Chichewa m'mutu mwanga, kufunafuna mawu oti Ababa amve, kenako n'kukumbuka. Ntchito ya uphunzitsi sindinaipeze. Pano ndimagwira ntchito ku Markham, kufupi ndi Toronto komweko, pa kampani ina ya zamakompyuta, kumene ndimakonza mabuku ofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka zinthu zawo. Ndi ntchito yabwino, ndipo anzanga a mu ofesi ndi anthu aulemu. Owerengeka okha ndi amene amadziwa kuti ndinaphunzira za mabishopu. Ndinaphunzira kuyendetsa galimoto ndili wamkulu kale, m'misewu yotakata ya kuno, ndipo Ababa sanandionepo ndili pachiwongolero. Ndikanakonda akanakhala pambali panga ngakhale kamodzi, kundidzudzula kuti ndikuponda mabuleki mochedwa. Ndikanakondanso kuwafunsa zambiri za iwo eni, zimene sindinafunse chifukwa nthawi yonse ndinkayankha ine: kuti anaphunzira kuti kuyendetsa, ankadya chiyani podikira Misa za maola anayi, ankaganiza chiyani m'misewu yaitali ija Ambuye akagona kumbuyo.

Chaka chatha Amayi anabwera kudzandiona, ulendo wawo woyamba pa ndege. Anakhala miyezi iwiri. Ndinawatengera kumathithi aakulu otchuka a kuno ndi kumisika, koma sanachite nazo chidwi kwenikweni. Sabata yomaliza anandiuza kuti akufuna kuona kumene ndinkawerengera. Tinasiya galimoto pa siteshoni n'kukwera sitima yapansi, iwo atandigwira mkono njira yonse. Pa laibulale tinapeza kuti khadi langa linatha ntchito kalekale, ndipo opanda khadi salowa m'zipinda zam'mwamba. Tinakhala pa benchi pafupi ndi khomo, tikuonerera ophunzira akulowa ndi kutuluka ndi makapu a khofi.

"Unkakhala pamwamba pake penipeni?"

"Ayi, Amayi. Nsanjika yachisanu, pafupi ndi zenera."

"Wekha?"

"Nthawi zambiri ndekha."

Anagwedeza mutu. Anati kumudzi ankaganiza kuti ndimakhala m'kalasi ndi anzanga ngati ku sekondale, ndipo akanadziwa kuti ndi chonchi akanamalankhula nane nthawi yaitali pa foni, osangofunsa za kuzizira. Ndinawauza kuti mafunso awo a kuzizira aja ankandithandiza. Sanandikhulupirire, koma anandigwira dzanja. Tinakhala pamenepo mpaka miyendo yawo itapuma, kenako tinapita kukafuna nsapato zimene analonjeza mdzukulu wawo.